Nyali ya ABS pa ka Fit ka aphunzitsi, ndi kalata ya recall yosawoloka nyanja

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndigawireniko nzeru abale. Ka Fit kanga ka 2008 kayamba kuyatsa nyali yachikasu yolembedwa ABS. Ndikaliza m'mawa imayaka n'kuzima bwinobwino ngati kale, koma ndikangotuluka pageti, ndisanafike n'komwe pa Kamuzu Road, yabweranso, ndipo sizima mpaka nditathimitsa injini. Mabuleki akugwira. Dzulo ndinapita pa galaja ina konkuno ku Salima, mnyamata wake osatsegula n'komwe boneti, wangoti "mayi, pampu ya ABS yafa, tiyitanitse ku Lilongwe," n'kutchula mtengo woposa malipiro anga a mwezi. Alamu anga akuti zoterezi akampani amakonza ulere chifukwa kuli chimene amati recall. N'zoona zimenezi? Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Lilongwe kukaona mwana kusukulu, ndiye zitunda za ku Mvera zija zikundisowetsa tulo.

Angozo wa Sienta: Aphunzitsi musataye ndalama. Yanga nyali imeneyo ili m'chaka chachitatu ikuyaka, Salima–Nkhotakota tsiku ndi tsiku, matumba a mpunga kumbuyo. Ndinangomata tepi yakuda pamenepo, mtima unakhala m'malo.

Nachisale: Ndiye ife timangokwera, kulipira ndalama zathu, osadziwa kuti pansi pa tepi pali nkhani? Ambuye atichitire chifundo.

Angozo wa Sienta: Achemwali, munafikapo mochedwa ku ntchito mutakwera yanga?

Mlamu wa ku Joni: Ndine ndawauza alamu za recall. Kuno ku Johannesburg bwana wanga anamutumizira uthenga, tinapita nayo galimoto m'mawa, masana tinakaitenga atasintha airbag, osalipira olo randi imodzi. Ndipo inali yakale ndithu. Kampani ikalakwitsa popanga imakonza yokha, kaya galimoto yakalamba bwanji. Musalole kuberedwa alamu.

aGama Amisiri: Aphunzitsi, poyamba mtima pansi. Nyali yachikasu ikayaka yokha, ndiye kuti kompyuta ya ABS, yoletsa matayala kuuma mukaponda buleki mwamphamvu, yadzichotsa pa ntchito, koma mabuleki wamba alipo. Galimoto yangobwerera kukhala ngati zakale zija tinkaphunzirira ife, zoti ukaponda mwamphamvu matayala amauma n'kumakhwekhwereza pa tala. Koma ikayaka pamodzi ndi yofiira ija ya mabuleki, handibuleki mutatsitsa kale, imeneyo ndi nkhani ina. Pamenepo musayende.

Kagwiridwe kake n'kotere. Pa tayala lililonse pali ka sensa kowerenga liwiro lake, ndipo kompyuta imayerekeza onse anayi. Ikaona kuti limodzi likufuna kuuma anzake akuzungulira, imatsegula timavalavu m'kabokosi kaja kotuluka timapaipi tambiri pambali pa injini, kuchepetsa mphamvu ya mafuta pa tayala limenelo, n'kuibwezeranso, kangapo pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake pedulo imanjenjemera kuphazi, anthu n'kumaopa kuti china chathyoka. Phindu lake lenileni n'lakuti tayala lozungulira limamvera chiwongolero, louma silimva. Mbuzi ikadumphira mumsewu pa Khombedza mukhoza kuponda buleki uku mukuizemba.

Tsono mwanena chinthu chofunika osadziwa: imazima mukaliza, imabwera mukanyamuka. Kompyuta imadziyesa yokha galimoto ili chiimire, n'kupeza kuti magetsi ndi mawaya zili bwino. Vuto ikuliona matayala atayamba kuzungulira. Pampu nayo imayesedwa ponyamuka, sindikukana, koma pa zaka zonse ndagwira sipanala, zoterezi kawirikawiri ndazipeza ku tayala, osati ku pampu. Ndiye ndifunse: masabata apitawa alipo wagwira kumiyendo kwa galimotoyo? Bearing, CV joint, mashoko?

Make Tadala: Zikomo madala, mwandimasula. Yofiira sikuyaka ayi. Za kumiyendo sindikukumbukira, ndiwafunse bambo a kunyumba akaweruka.

Wamagetsi pa Kamuzu Road: Mayi, wina aliyense wokuuzani kuti pampu yafa asanaike galimoto pa makina, muthaweni. Ndipo osati makina aliwonse. Timakina tija totchipa tolumikiza ku foni tambiri timawerenga za injini zokha, za ABS sitiona, munthu n'kukuuzani kuti "palibe code." Code ndi nambala imene makina amaonetsa yoloza pamene pali vuto. Pa Honda ma code 11 ndi 12 ndi tayala lakutsogolo kumanja, 13 ndi 14 kutsogolo kumanzere, 15 mpaka 18 akumbuyo. 61 ndi magetsi ochepa, kutanthauza batire kapena alternator. Imeneyi ndiye imandiseketsa, munthu kugula pampu yonse pamene vuto linali terminal ya batire yochita dzimbiri. Eni a Toyota, anu ndi C0200, C0205, C0210 ndi C0215, tayala lililonse code yake.

Kuno kunyanja zimene ndimapeza kwambiri ndi waya wa sensa wodulidwa ndi mwala kapena wokhuzika ndi tayala, pulagi yolowa madzi, ndi makoswe. Pambuyo pa madzi osefukira aja a ku Dwangwa mu 2024 ndinkatsuka mapulagi odzaza matope mpaka zala kusupuka.

Angozo wa Sienta: Koma tinene zoona amwene, ABS ndi ya misewu ya ku Japan. Ine pa fumbi popita ku midzi ya ku Thavite, nthawi imene inkagwira, ndinkaponda galimoto osaima, pedulo kumangoti gr-gr-gr, iyo n'kumapitabe. Chifereni imaima pomwe ndafuna.

aGama Amisiri: Angozo, pamenepo simukunama, ndipo sindikutsutsani pofuna kungotsutsa. Pa mchenga ndi pa miyala yosagwirana, tayala louma limakumba n'kuunjika dothi patsogolo pake, galimoto n'kuima msanga. ABS salola zimenezo, ndiye mtunda woimira umatalikirako. Koma inu tsiku lonse mumakhala pa fumbi kapena pa M5? Mvula yoyamba ikagwa pa tala, zinyalala za nzimbe ndi matope a mathirakitala zili pamenepo, wakabaza watulukira kutsogolo, mwanyamula anthu kudzaza, simudzafuna kukumba dothi. Mudzafuna chiwongolero chimve. Chinanso: pa galimoto zambiri za masiku ano kabokosi komweko ndi kamene kamagawa mphamvu ya buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Vuto likakula, kugawako nako kumasiya, matayala akumbuyo n'kuyamba kuuma, galimoto n'kutembenuka kuyang'ana komwe yachokera.

Angozo wa Sienta: Madala mukundiopseza dala.

aGama Amisiri: Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe.

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Ndilowerepo pa za recall, poti ndi ntchito yanga kutsitsa galimoto pa Dar es Salaam n'kuziwolotsa pa Songwe. Alamu a ku Joni sakunama, koma akunena za galimoto yogulidwa yatsopano m'dziko lomwelo. Zathuzi n'zosiyana.

Choyamba, recall si chitsimikizo chakuti chilichonse chikawonongeka adzakonza. Ndi kampani kuvomereza kuti chipangizo chakutichakuti, pa galimoto zopangidwa kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, chinatuluka ndi chilema choika moyo pachiswe. Amakonza chokhacho. Sensa yotha ndi ukalamba, waya wodyedwa ndi khoswe, mafuta a mabuleki osasinthidwa zaka zisanu, zimenezo n'zanu.

Chachiwiri, recall imatsata nambala ya chassis, ndipo kalata yake imapita kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa ku Japan. Galimoto ikamatumizidwa kunja amaifufuta m'kaundulamo. Kuchokera pamenepo kampani sidziwa kuti ili ku Mombasa, ku Lusaka kapena pa Chipoka. Kalatayo siwoloka nyanja. Ngati recall inalengezedwa galimoto ikadali ku Japan, mwayi ndi waukulu kuti mwini wake woyamba anakakonzetsa. Ngati inalengezedwa itafika kale kuno, palibe anakuuzani, ndipo palibe adzakuuzani. Muyenera kufufuza nokha.

Kafufuzidwe kake: tengani nambala ya chassis pa bulubuku kapena pa kachitsulo ka pa galimoto. Za ku Japan zimaoneka motere: zilembo zochepa, kamzere, kenako manambala. Fit ya aphunzitsi iyamba ndi GE6 ngati ndi ya 1.3, Sienta ya Angozo NCP81. Si VIN, nambala ya chassis ya zilembo 17 ya m'maiko ena ija, ayi, n'chifukwa chake mukaiika pa tsamba la ku America la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, imakanidwa, anthu n'kumaganiza kuti galimoto yawo ilibe mlandu. Pitani pa tsamba la ku Japan la kampani yomweyo, Honda, Toyota, Nissan, onse ali ndi malo ofufuzira recall ndi chassis. Ndi Chijapani chokhachokha, koma foni imamasulira.

Mlamu wa ku Joni: Chabwino, koma ikapezeka kuti ilipo, akakamizidwa kukonza eti? Kampani ndi yomweyo dziko lonse lapansi.

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Kampani ndi yomweyo, malamulo ndi a dziko lililonse. Lamulo la ku Japan limagwira galimoto zili ku Japan. Ngakhale ku America komwe anthu amatamako, lamulo limakakamiza kukonza ulere galimoto yosapitirira zaka 15 chigulitsireni koyamba. Kupyola apo ndi ufulu wa kampani. Dziko limene linaiganizira nkhani ya galimoto zogwiritsidwa kale ntchito ndi New Zealand, poti nawo amagula za ku Japan ngati ife. Mu 2018 boma lawo linalamula recall ya ma airbag oopsa kwambiri opangidwa ndi kampani ya Takata, n'kuphatikizamo ndi zobwera zakalezo. Kuno njira ndi kupita kwa dila wa mtundu wa galimoto yanu ndi umboni m'manja, kupempha kuti alembere kwa eni ake. Osapita chimanjamanja n'kumati "ndamva kuti kuli recall." Pitani ndi chithunzi cha tsamba lija, chassis ikuoneka.

Musasokonezenso recall ndi kutalikitsa waranti. Nthawi zina kampani imati chipangizo chakuti tichikonza ulere mpaka zaka zakuti chilembetsereni galimoto. Zimenezo zimatha, ndipo zathu zambiri zimafika kuno nthawiyo itadutsa kale.

Bambo a Yamikani: Poti nkhani yafika apa, nane ndiponyepo yanga. Prius ya 2009, ndimanyamulira alendo pakati pa Senga Bay ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi. Kutsogolo kukumveka ka mota kakulira "bzzzz" pafupipafupi, ngakhale ndangotsegula chitseko osaponda kalikonse. Kale kankalira kamodzi n'kukhala chete. Sabata yatha zinayaka zitatu, ABS, ya galimoto yoterereka ija, ndi yofiira, kenaka zinazima zokha. Ndimate tepi ngati Angozo?

Wamagetsi pa Kamuzu Road: Bwana ayi, chonde. Prius si Sienta. Galimoto wamba imathandizidwa kuponda buleki ndi mpweya woyamwidwa ndi injini. Prius injini yake imazimazima, ndiye anaika pampu yamagetsi yopopera mafuta m'kabotolo kachitsulo kotchedwa accumulator, kosunga mphamvu. Mota ikamalira pafupipafupi ndiye kuti mphamvuyo ikuthawa penapake mkati, pampu ikuvutika kubwezeretsa. Pa makina mupeza C1391 kapena C1256. Tsiku limene pampu idzatope, pedulo idzauma gwa ngati mwaponda njerwa, ndipo kuimitsa galimoto kudzafuna mwendo wonse. Kumeneko nyali ya ABS si ya ABS yokha, ndi ya mabuleki onse.

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Ndipo yanuyo ndi imene recall ya mabuleki inaikhudzadi mtundu wake. Mu February 2010 Toyota inaitanitsa galimoto za hybrid pafupifupi 437,000 dziko lonse, zambiri ma Prius atsopano a nthawiyo, kukasintha pulogalamu ya kompyuta ya ABS, chifukwa pa msewu wa mabampu kapena woterera buleki inkakhala ngati yasiya kwa kamphindi. Mu June 2013 anaitanitsanso pafupifupi 242,000, Prius ndi Lexus HS250h zopangidwa mu 2009, chifukwa cha accumulator yomweyo imene inkatha kuchita mng'alu. Ikani chassis yanu muone. Yang'ananinso pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, pafupi ndi pokolera loko. Kale akakonza ankamata ka sitika kokhala ndi nambala ya recall.

Bambo a Yamikani: Tisitika tiwiri tilipo, ndinkayesa n'ta sevisi. Ndiye kuti anakonza kale?

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Fananizani manambala ake ndi a pa tsamba. Ngati anakonza, ndiye kuti chimene chikulira panopo ndi ukalamba, ndipo thumba ndi lanu. Pepani.

Wamagetsi pa Kamuzu Road: Mukakagula accumulator yakale ku Biwi kapena ku Malangalanga, nambala ya pa chipangizo ifanane ndi yanu ndendende, osangoti "ya Prius." Ndipo gwirizanani pamaso pa mboni kuti ikakana mubweza. Poika pamafunika makina otsegulira mavalavu pochotsa mpweya, zija zoti wina azipopa pedulo wina ali pansi akukuwa "gwira!" pa Prius sizikwanira.

Che Linga: Ndafika mochedwa, ndinali kunyanja. Uthenga uja unkazungulira wakuti ma Kia ndi ma Hyundai akupsa okha usiku chifukwa cha ABS, unali bodza?

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Sunali bodza Che. Mu September 2023 ku America anaitanitsa zoposa 3 miliyoni. Mafuta a mabuleki ankatha kudonthera mkati mwa kabokosi ka ABS n'kuchititsa shoti, ngakhale galimoto itazimitsidwa, mpaka anauza anthu kuti aziimika panja kutali ndi nyumba. Koma imeneyo inali ya msika wa ku America. Yanu ngati inachokera ku UK kapena ku Joni ili ndi VIN ya zilembo 17, mufufuze pa tsamba la dziko limene inagulitsidwa koyamba.

Che Linga: Ndilibe Kia ine, ndili ndi bwato. Ndimangofunsira mkamwini.

Nachisale: Kkkk Che Linga inu. Koma aMbewe mwandiganizitsa. Ka Vitz kanga kanabwera mu 2013, ndinakagula kwa mzanga wa kuchipatala kuno ku Nkhotakota. ABS ilibe vuto. Za airbag zija alamu a ku Joni anena, zikundikhudza?

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Achemwali, inu ndi amene ndikanafuna mufufuze lero lomwe, kuposa aphunzitsi. Recall zazikulu za Takata ku Japan zinabwera cha m'ma 2014 mpaka 2016, ndipo Vitz, Fit, Corolla ndi zina zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu zinali m'gulumo. Yanu inali itawoloka kale. Takata inagwa mu 2017 ndi nkhani yomweyi. Kuyambira May 2018 boma la Japan linayamba kukaniza shaken, COF yawo ija, galimoto zina zosakonzetsa ma airbag amenewa, ndiye zobwera mochedwa zambiri zinafika zitakonzedwa. Zobwera kale ndi zimene zinatsala m'mbuyo.

aGama Amisiri: Ndiwonjezere, poti ichi chikutikhudza ife a m'mphepete mwa nyanja kuposa a ku Dedza. Mkati mwa ka chitsulo kophulitsa airbag anaikamo ammonium nitrate, mbale wake wa zimene zili mu feteleza wa CAN uja. Alimi mukudziwa zimene feteleza amachita akakhalitsa pa chinyontho. Kutentha ndi chinyezi kwa zaka zambiri kumasintha mankhwalawo, tsiku la ngozi n'kuyaka mwaukali kupitirira muyeso, chitsulo n'kusweka, zidutswa kuwulukira kumaso ndi pakhosi pa munthu. Anthu anafa nazo m'maiko angapo. Tsono taganizani galimoto yokhala padzuwa la mwezi wa October pa Nkhotakota, mawindo otseka, zaka khumi ndi kuposa. Ine nyali ya ABS sindiiopa kwambiri poti imadziulula. Ichi chilibe nyali.

Nachisale: Mwandizizira nkhongono madala. Ndikatuluka mu wodi ndiyang'ana bulubuku.

Angozo wa Sienta: Ndiye bola kuchotseratu ma airbag onsewo basi.

aGama Amisiri: Inu Angozo mankhwala anu a chilichonse ndi kuchotsa. Tsiku lina mudzachotsa ndi chiwongolero chomwe. Airbag si chinthu chotsegula ndi sikuludilaiva pansi pa mtengo wa mango, imatha kukuphulikira m'manja. Fufuzani kaye ngati yanu ili m'gulumo.

Make Tadala: Abale, bambo a Tadala afika, andikumbutsa. Masabata awiri apitawo ine ndili ku maphunziro ku Mponela anakasinthitsa bearing yakutsogolo kumanzere, inkalira "wuuu" pa liwiro. Akuti anangoiwala kundiuza poti inali nkhani yaing'ono. Ndipo tikawerenga masiku, nyali inayamba tsiku lotsatira.

aGama Amisiri: Basi, mbava tayigwira. Aphunzitsi, pa Fit imeneyo mulibe mano achitsulo owerengera liwiro monga pa galimoto zakale. Maginito ali mu bearing momwemo, pa chisindikizo cha mbali imodzi yokha, nthawi zambiri chofiirira kapena chakuda. Mbali imeneyo iyenera kuyang'ana mkati, kumene kuli sensa. Munthu akaipanikiza chozondoka, galimoto imayenda bwinobwino, phokoso latha, koma sensa ikuyang'ana chitsulo chopanda kanthu. Kompyuta ikuona matayala atatu akuthamanga, limodzi lili chete, ndiye ikuyatsa nyali. Apo ayi anakugulitsani bearing yotchipa yopanda maginito n'komwe, zilipo zambiri m'mashopumu, zimakwana ndendende. Kapenanso anaimenya ndi hamala m'malo mwa pulesa, maginito n'kuphwanyika, kapena anakanda nsonga ya sensa pochotsa.

Poyesa yatsopano musanaike: tengani ka pepa kilipu, kamene mumapanira mapepala a mayeso. Kagunditseni mbali iyi ndi iyo. Kumene kakakamire ndi kumene kuli maginito.

Make Tadala: Ndiye angoitembenuza?

aGama Amisiri: Kalanga, ayi. Bearing yopanikizidwa ikamatuluka imawonongeka, ikufunika ina. Koma mtengo wake suyandikira n'komwe wa pampu. Yambani mwaika pa makina kuti titsimikize. Mukaona code ya tayala lakutsogolo kumanzere, bwererani kwa amene anaika mukakambirane mwaulemu. Ntchito anailakwitsa ndi iye.

Za ulendo wa Loweruka: popita mukukwera, nkhani ili pobwerera, kutsetsereka kuchokera ku Chezi ndi ku Mvera kutsikira kuno. Ikani giya pa S kapena L injini ikugwirireni, osatsamira pa pedulo njira yonse. Ndipo mafuta a mabuleki munasintha liti? Amayamwa chinyezi cha mumpweya, kuno ndiye msanga. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kupitirira madigiri 200, koma akamwa madzi amatha kuwira cha m'ma 140, pedulo n'kulowa pansi phwaa pakati pa chitunda. Madzi omwewo ndi amene amadyetsa dzimbiri timavalavu ta ABS mkati. Zaka ziwiri zilizonse asinthidwe. Onani pa chivundikiro, palembedwa DOT 3 kapena DOT 4. DOT 5 musayerekeze, ndi wa mtundu wina, sagwirizana ndi ABS. Ndipo botolo likhale lomata, osati la m'mbali mwa msewu lotsanuliridwa m'kabotolo ka madzi akumwa.

Make Tadala: Chigulireni mu 2019 sitinasinthepo, timangowonjezera.

aGama Amisiri: Ndinadziwa.

Mlamu wa ku Joni: Ndiye recall yanga yagwa m'madzi? Alamu fufuzanibe, mwina mupeza kena kake.

Wamagetsi pa Kamuzu Road: Mayi mubwere mawa mukaweruka, kuwerenga code ndi mphindi zisanu. Magetsi akazima si vuto, makina ali ndi batire yake.

Make Tadala: Ndabweranso ndi lipoti abale, pepani ndinatanganidwa ndi mayeso a ana. Lachinayi tinaika pa makina, inatulukadi ya kutsogolo kumanzere. Tinabwerera kwa amene anaika bearing. Poyamba anakanitsitsa kwamtuwagalu, akuti wakhala akuika ma bearing ine ndisanayambe kuphunzitsa. Bambo a Tadala anangoti "tsegulani tione limodzi." Atachotsa CV joint, ine n'kutulutsa ka pepa kilipu m'chikwama, anyamata onse a pagalaja kuunjikana kudzaona zimene mayiyu akufuna kuchita. Kugunditsa mbali ya mkati, kagwa pansi. Ataitulutsa bearing ija, kugunditsa mbali imene inayang'ana kunja, kakamira nga! Munthu uja anavula chipewa n'kukanda mutu, osayankhula. Tinagwirizana kuti bearing tigawana pakati, ntchito aulere. Mafuta a mabuleki otuluka anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Poyesa tinafika mpaka pa Kaphatenga, nyali zii. Ku Lilongwe ndapita ndabwerako, potsika ndinaika pa S monga munanenera madala, Tadala akupereka moni.

Alamu, tsamba la ku Japan ndinalitsegula ndi thandizo la aMbewe. Palibe chotsala pa chassis yanga. Ulere sindinaupeze, koma pampu sindinagule.

Mlamu wa ku Joni: Ndiye ya pampu ija munditumizireko theka, poti ndine ndinayambitsa kufufuza.

Nachisale: Ine yanga yatuluka ndi chotsala chimodzi, foni yamasulira kuti airbag ya mbali ya pasenjala. Ndaimbira dila wina ku Lilongwe, woyamba kuyankha anati za ku Japan sakhudzana nazo. Nditaumirira anandipatsa wina wa ku sevisi, ameneyo anati nditumize chithunzi cha bulubuku ndi cha tsamba lija, alembera akuluakulu awo. Ndatumiza Lachisanu. Pakadali pano ana akukhala kumbuyo, ngakhale alire.

aMbewe Oitanitsa Galimoto: Mwachita bwino. Lembani tsiku ndi dzina la amene munayankhula naye, ndipo zonse zizidutsa pa kalata kapena imelo, osati pakamwa pokha. Pakatha masabata awiri muwakumbutse.

Bambo a Yamikani: Yanga zonse ziwiri anakonza kale ku Japan, manambala afanana ndi tisitika tija. Prius ndaiimika, alendo ndikunyamulira ya mphwanga mpaka ndipeze accumulator.

Angozo wa Sienta: Madala aGama muli pafupi? Chifukwa cha phokoso lanuli ndamatula tepi ija pano pa siteji ya Benga. Pansi pake zikuyaka ziwiri.

aGama Amisiri: Yachiwiriyo ndi ya mtundu wanji?

Angozo wa Sienta: Yofiira. Handibuleki ndatsitsa.

aGama Amisiri: Tsitsani anthuwo akwere ina. Tsegulani boneti muone mafuta a mabuleki ali pati, kenaka musuzumire kuseri kwa tayala lililonse ngati kwanyowa. Munditumizire chithunzi, ndipo musanyamuke pamenepo ndisanakuyankheni.